Asilikali a m'thupi ndi khansa ya amayi: tisagulitse munda msanga

Abale athu a ku London ndi ku Johannesburg akumatitumizira nkhani ya chithandizo chatsopano cha khansa. Madokotala amatapa asilikali a m'thupi mwa wodwala, otchedwa ma T cell, n'kuwachulukitsa mu labotale, kenaka n'kuwabwezera m'magazi kuti akathire nkhondo chotupa. Ena afika ponena kuti ngakhale khansa ya thumba la mazira yomwe yafalikira kale m'mimba ikugonja. Ine ndikuti tiyeni tifatse.

Nzeruyi ili ndi maziko. Mu 2003 gulu la George Coukos ku University of Pennsylvania linapeza kuti mwa amayi 100 alionse omwe zotupa zawo zinali ndi asilikaliwa, 38 anali moyo patatha zaka zisanu. Mwa omwe zotupa zawo zinalibe, otsala moyo sanakwane asanu. Dziko la Amereka linavomereza chithandizo cha CAR-T pa khansa ya m'magazi mu 2017, ndipo mu 2024 linavomerezanso china pa khansa ya pakhungu ya melanoma, pa mtengo wa madola 515,000.

Koma pa khansa ya thumba la mazira zonsezi zikadali pa kafukufuku. Chotupachi chimafooketsa asilikali akangolowamo. Nawonso asilikaliwo akachita ukali, thupi limatentha, BP n'kutsika, mpaka wodwala kugonekedwa ku chipinda cha odwala mwakayakaya.

Choncho wina akakuuzani kuti chipatala chake chimachiza khansayi ndi asilikali a m'thupi bola mulipire, kumbukirani chikomekome cha mkuyu. Mufunseni: ndi boma liti linavomereza? Zotsatira zake anazisindikiza kuti? Masiku oopa kufunsa anapita. Munda ukagulitsidwa subwerera, ndipo ana otsala adzadya chiyani?

Chithandizo chodziwika ndi opaleshoni pamodzi ndi mankhwala a carboplatin ndi paclitaxel. Aphungu athu tiwapanikize kuti izi zizipezeka m'zipatala za boma.

Vuto lalikulu nlakuti khansayi kawirikawiri imadziwika mochedwa. Amayi, kuyezetsa khomo la chiberekero n'kofunika, koma sikuona khansa iyi. Mimba ikamatupa kwa milungu ingapo, mukamakhuta msanga, mukamamva kupweteka m'chinena kapena kukodza pafupipafupi, musangomwa mankhwala a mpweya. Pitani kuchipatala, kawauze adokotala zonse, ndipo kapempheni kuti akuunikeni m'mimba.