Kodi Tiwaitane Abwerere Kumudzi?

Akristu anzathu, ife a ku Kabwata tinazolowera kuona ansembe a cipani ca White Fathers akuyenda m'makomboni mwathu mopanda mantha. Koma pa 27 Disembala 1994, ku Tizi Ouzou m'dziko la Algeria, zigawenga zinapha anzao anai pakhomo pao. Ngoziyo anali kuidziwa, komabe anasankha kukhala ndi anansi ao Acisilamu. Mpingo unawacha Odala mu 2018.

Lero otumidwa kumaiko a cipolowe ndi ana athu omwe. Mai akalira kuti, “Ndibwezereni mwana wanga,” tisawadzudzule ai. Akulu a cipani ali ndi udindo womsamutsa mwanayo zinthu zikafika poipa, ndipo si kusowa cikhulupiriro ngati mphakati wathu uwalembera kalata yowakumbutsa.