Khanda Lotsekeka Mphuno Lisatemedwe Mphini

Atsogoleri a Chipani m'mabulanchi ndi m'maeriya, pamodzi ndi onse ogwira ntchito za Boma, ayenera kudziŵa za matenda ena amene saoneka kaŵirikaŵiri koma amatenga miyoyo ya makanda. Matendaŵa ndi zotupa zomera pansi pa chigaza, kuseri kwa mphuno ndi maso, pamene ubongo umatsamira.

Pa miyezi yoyamba khanda limadalira mphuno popuma. Choncho chotupa chikatseka njira ya mpweya, mwana amabanika poyamwa, amakana bere ndipo amayamba kuwonda. Zizindikiro zina ndi diso kutong'oka, mphuno imodzi kutsekeka masiku onse, ndiponso kanyama ka m'mphuno kamene kamafufuma mwana akamalira.

Kanyama kotere nthaŵi zina kamakhala kolumikizana ndi ubongo weniweniwo. Kukaboola, kukakoka kapena kutema mphini pamenepo kumatsegulira tizilombo njira yoloŵera m'mutu ndi kuyambitsa matenda oumitsa khosi. Ngakhale madokotala sadula kanthu asanajambule mutu wa mwanayo ndi makina a CT kapena MRI. Akaona pamene chotupa chayambira ndi pamene chalekeza, amachichotsa pa opaleshoni, nthaŵi zina kudzera m'mphuno momwemo. Chikakhala cha khansa amawonjezera mankhwala a khansa, koma kuwotcha chotupa amakupeŵa mwa ana osakwana zaka 3 chifukwa kumawononga ubongo umene ukukula.

Makina a MRI anafika pa Chipatala cha Gulupu ku Blantyre m'chaka cha 2008, ndipo m'chaka cha 2017 panatsegulidwa Mercy James, chipatala cha maopaleshoni a ana. Koma khanda la ku Chitipa kapena ku Nsanje silingadzifikitse lokha kumeneko. Bungwe la WHO limanena kuti m'maiko olemera ana oposa 80 mwa 100 odwala khansa amachira, pamene m'maiko ambiri osauka ochira sakwana 30, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake ndi kuchedwa kuzindikira matenda.

Motero wapampando wa bulanchi aliyense, amayi a Chipani, mafumu ndi alangizi a zaumoyo aonetsetse kuti mwana wa zizindikiro izi wafika kusikelo msanga, walandira kalata yopitira ku chipatala chachikulu, ndipo mudzi wathandiza makolo ake pa ulendo. Mayi wa mwanayo asanenedwe kuti analakwa mwambo kapena kuti walodzedwa. Mtsogoleri wolekerera khanda lotere kutemedwa mphini walephera udindo umene anthu anampatsa.