Chingerezi sichilowa ndi chikwapu

Akonzi,

Ndawerenga kalata ya bambo amene akuti ana a Sitandade 1 aziphunzira chilichonse m'Chingerezi, ndipo wolankhula Chichewa pasukulu azilangidwa. Ayi bambo, mwaphonya! Ine ndagwira choko zaka zambiri. Chiyambireni maphunziro aulere mu 1994, m'makalasi ambiri mumadzaza ana oposa 100, buku limodzi akulimbirana anayi. Mwana akaloweza moni wa Chingerezi ngati chinkhwe, ndiye mukuti wadziwa chilankhulo? Ayambe wadziwa kuwerenga m'chilankhulo chakwawo, kaya Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao. Luso limenelo ndi lomwe lidzamuolotsere ku Chingerezi akafika Sitandade 5. Unduna wa Zamaphunziro utipatse mabuku ndi aphunzitsi okwanira. Zikwapuzo musiye.

Mphunzitsi wokhudzidwa,
Dedza