Zoyera pa tomato zija si fumbi

Kaimeni pa Lizulu tsiku la msika muone tomato wina ali mbuu ngati wamuwaza ufa. Fumbi la pamsewu silikhala choncho. Kawirikawiri ameneyo ndi Dithane, mankhwala a chiwawu omwe dzina lake lenileni ndi mancozeb, ndipo alimi ena amapopera tomato atatsala pang'ono kuthyoledwa kuti asaole msanga pa benchi. Ife timangoti "ndikatsuka", nkhani yatha.

Kutsuka kumachotsako ndithu, sindikukana. Koma ndani anakuuzani kuti zotsalazo ndi zochepa? Diso siliyeza, lilime siliyeza. Komanso mancozeb akaphikidwa, gawo lina limasanduka ETU, chinthu chodziwika kuti chimasokoneza chithokomiro. Mayiko a European Union anagamula mu 2020 zosiya kumuloleza. Kuno ali pa shelefu, pambali pa mbewu.

Chondikwiyitsa n'chakuti kuyeza kwake si ufiti. Njira yotchedwa QuEChERS inatuluka mu 2003. Umapera tomato, kutapa magalamu 10, kuthira acetonitrile, kukhutchumula, kenako kuwonjezera mchere ndi magnesium sulphate kuti madzi apatuke. Ukazunguza mu centrifuge, mankhwala amakhala m'gawo la pamwamba, ndipo makina a GC-MS kapena LC-MS amatchula dzina ndi mlingo wa mankhwala ambirimbiri nthawi imodzi. Mancozeb yekha ndi wamakani, salola njira imeneyi: amamuphika mu asidi mpaka atulutse carbon disulphide, n'kuyeza mpweyawo. Mwana wa chemistry wa ku Chanco akhoza kuphunzira zonsezi asanamalize digiri. Milingo yovomerezeka nayo sitichita kupeka, Codex Alimentarius inalemba kale.

Ena amati makinawo ndi odula. Eya, ndi odula. Nanga bwanji tiyi ndi makademiya zopita kunja zimayezedwa? Chifukwa wogula wa ku Ulaya akapeza zopyola mlingo amabweza katundu. Mayi wa ku Ndirande sangabweze tomato wa mumphika, ndiye palibe amene amamuopa.

Ndipo musandiuze zoti vuto ndi mlimi. Munthu wagula mankhwala opungulira m'kabotolo kopanda chizindikiro, kapena malangizo ali m'Chingerezi cha zilembo ngati nyerere, adziwa bwanji masiku oyenera kudikira asanathyole? Mbozi ya Tuta absoluta ikumudyera dimba, ngongole ya feteleza ikumudikira. Apopera basi.

Tili ndi Pesticides Control Board. Tili ndi Malawi Bureau of Standards kuyambira 1972. Atenge tomato, repu ndi kabichi ku Lizulu, ku Bvumbwe ndi ku Wakawaka mwezi ndi mwezi, atungeko ndi madzi a m'zitsime za m'madimba. Zotsatira zake zisakagone mu lipoti la msonkhano wa ku nyanja. Azikhome pachipata cha msika, m'Chichewa, aziikenso pa Facebook pomwe amaika zithunzi za mabwana akudula riboni.