Asilikali a Mtovu Sakhetsa Mwazi

Ku Mangalande ndi ku America kuli masewero ena amene amuna a ndevu zawo asewera pa gome, ndipo ndifuna kuti tiwayese pamodzi, pakuti m'kati mwake muli mlandu woyenera kuunena poyera. Amuna awiri atenga gome lalikulu, kawirikawiri la mafiti 6 m'litali ndi 4 m'mimba mwake, nayalapo nsalu yobiriwira ngati msipu. Aikapo timitengo, tinyumba, timalinga ta miyala ndi kamtsinje, zonse zopanga ndi manja. Atatero atulutsa m'bokosi asilikali aang'ono a mtovu kapena a pulasitiki, a msinkhu wa mamilimita 28, ndiko kunena inchi imodzi ndi pang'ono. Ena anawapaka malaya ofiira, ndiwo a mfumu George III; ena ali ndi malaya abuluu kapena zovala zakumunda, ndiwo Aamerika amene anaukira mfumuyo m'chaka cha 1775. Tsono wosewera ayesa ndi ndodo yoyezera pamene anthu ake angafike ndi pamene mfuti zawo zingalase, naponya dayisi, kanthu ka mbali 6 kokhala ndi madontho; madontho akagwa bwino, msilikali wa mnzake achotsedwa pa gome, ndiko kuti wafa.

Sindinena kuti masewerowa ndi njuga, pakuti sabetcherapo ndalama. Sindiwanyoza kuti ndi zachibwana, pakuti munthu wopaka utoto pa kankhope kochepa kuposa njere ya chimanga ali ndi luso ndi kudekha kumene ambiri a ife tilibe. Mlandu wanga uli ndi mau amodzi amene ambiri mwa osewerawo akonda kunena, akuti pa gome pawo aphunzira m'mene nkhondo ija inakhalira. Mau amenewo ndiwakana. Gome liphunzitsa zina zoona, koma libisa zazikulu, ndipo munthu wokhulupirira gome lokha adzayesa nkhondo chinthu chaudongo, chokhala ndi malamulo, chotha dzuwa lisanalowe.

Tiyambe ndi kumene masewerowa anachokera. M'chaka cha 1824, mkulu wina wa asilikali wa ufumu wa Prussia, dzina lake von Reisswitz, anaonetsa akazembe a dziko lake masewero otchedwa Kriegsspiel, amene atate wake anawayamba. Anasewera pa mapu ndi tizitsulo tofiira ndi tabuluu, ndipo panali woweruza wa pakati. Akazembe anawalandira monga chida chophunzitsira atsogoleri a nkhondo. Ndipo Prussia atagonjetsa France m'zaka za 1870 ndi 1871, maiko ena anayamba kuwatsanzira. Chomwecho masewerowa anabadwira m'nyumba ya nkhondo. Pambuyo pake, m'chaka cha 1913, mlembi wa ku Mangalande H. G. Wells anasindikiza buku lotchedwa Little Wars, lophunzitsa kusewera ndi asilikali a mtovu ndi kamzinga koponya timitengo. Iye anali wodana ndi nkhondo, ndipo anayembekeza kuti munthu akasewera nkhondo yaing'ono adzaona kupusa kwa nkhondo yaikulu. Chaka chotsatira nkhondo yaikuluyo inabuka, nifika ngakhale ku Karonga m'mwezi wa September 1914, nitenga makolo athu ambiri pa ntchito ya tengatenga. Ngati gome likadakhala mphunzitsi woona, bwenzi atsogoleri a Ajeremani, amene anasewera masewerowa zaka 90, atakhala oyamba kuopa nkhondo.

Tsono titenge tsiku limodzi limene osewera akonda kuliika pa gome, ndilo la 19 April 1775. Usiku wa dzulo lake asilikali a mfumu ngati 700, motsogozedwa ndi Francis Smith, anatuluka m'mudzi wa Boston kunka ku Concord kukaononga onga ndi zida zimene anthu a dzikolo anabisa. M'bandakucha anafika ku Lexington, napeza amuna a m'mudzimo ngati 77 ataima pabwalo ndi mfuti zawo, mtsogoleri wawo John Parker. Mfuti inalira, ndipo kufikira lero palibe wodziwa amene anayamba kuombera. Amuna 8 a m'mudzimo anafa pomwepo. Asilikali anapitirira ku Concord, nakomana ndi nkhondo ina pa mlatho. Ndipo pobwerera, alimi a midzi yonse yozungulira anawaombera ali kuseri kwa malinga, mitengo ndi nyumba, ulendo wa mamailosi oposa 15. Akadapanda Lord Percy kuwachingamira ndi asilikali ena ngati 1,000, kapena sakadafika kwawo. Pofika madzulo a mfumu anafa 73 navulala 174. Aamerika anafa 49.

Bodza loyamba la gome ndi ili: wosewera aima pamwamba naona zonse, monga mphamba ali m'mwamba. Adziwa pamene adani abisala, adziwa kuti Percy akudza, adziwa ndi mathero ake a nkhondo yonse. Koma msilikali wa tsiku lija anali ndi mfuti ya gogodera, yoikira onga ndi chipolopolo kukamwa kwake, imene munthu wozolowera anaomba katatu pa mphindi imodzi. Utsi wake woyera unaphimba bwalo, kotero kuti munthu sanaone bwino ngakhale mnzake wa pafupi. Anali atayenda usiku wonse, atawoloka dambo madzi ali m'chiuno, ali ndi njala ndi ludzu. Apa ndivomereza kuti olemba malamulo ena anayesetsa kukonza cholakwacho. M'malamulo otchedwa Sharp Practice, amene Richard Clarke anatulutsa m'chaka cha 2008, makhadi ndiwo anena mtsogoleri amene achite kanthu, ndipo nthawi ingathe mtsogoleri wina asanasunthe. Gulu loomberedwa liunjikidwa zizindikiro za mantha kufikira lithawa, ngakhale ambiri a iwo ali moyo. Nzeru imeneyo njabwino, pakuti magulu a nkhondo amasweka ndi mantha asanathe ndi imfa. Komabe mantha olembedwa pa kachizindikiro sagwedeza maondo a wosewera. Iye amwa tiyi wake, nadikira khadi lina.

Bodza lachiwiri ndilo lalikulu. Pa gome wakufa sakhala wakufa. Dayisi likamupha amunyamula ndi zala ziwiri, namuika pambali, ndipo madzulo abwerera m'bokosi pamodzi ndi amoyo, kudikira Loweruka lina. Sabuula, sapempha madzi, sasiya munthu. Taonani tsono akufa enieni a tsiku lija. Isaac Davis wa ku Acton, wosula mfuti wa zaka 30, anatsogolera anzake pa mlatho wa Concord, nalasidwa pamtima. Anasiya mkazi wake Hannah ndi ana anayi. Jason Russell wa ku Menotomy, nkhalamba yotsimphina ya zaka 58, anakana kuthawa pakhomo pake, naphedwa pakhomo pomwepo, ndi amuna ena 11 m'nyumba mwake ndi pabwalo pake. Mkazi wake pobwerera anapeza mitembo itagonekedwa m'nyumba. Pafupi ndi mlatho uja pali manda a asilikali a mfumu, anyamata amene anafera kutali ndi amayi awo, tsidya lina la nyanja yaikulu. John Pitcairn, amene anatsogolera asilikali pabwalo la Lexington, anaphedwa pa Bunker Hill patapita miyezi iwiri. Parker mwini anafa ndi chifuwa chachikulu m'mwezi wa September chaka chomwecho. Kodi ndi khadi liti limene lionetsa Hannah Davis? Ndi dontho liti la dayisi limene liwerenga ana anayi aja?

Bodza lachitatu lili m'zimene sizifika pa gome konse. Olemba mbiri avomerezana kuti m'nkhondo imeneyo nthenda zinapha anthu ambiri koposa zipolopolo. Nthomba inasakaza misasa, kotero kuti m'chaka cha 1777 George Washington analamula kuti asilikali ake atemeredwe. Pa msasa wa Valley Forge, m'nyengo yozizira ya 1777 ndi 1778, anafa amuna ngati 2,000 popanda nkhondo, ndi malungo, kamwazi ndi kusowa zofunda. M'zombo zandende zimene Angerezi anaimika pa dooko la New York, monga chija chotchedwa Jersey, akaidi oposa 10,000 anafera m'mdima ndi m'fungo, monga awerengera olemba mbiri. Ndiwo ochuluka kuposa Aamerika onse amene anafa pomenyana. Palibe munthu ayala nsalu yobiriwira kuti asewere chombo cha Jersey, pakuti mulibe ulemerero m'menemo, mulibenso malaya okongola opaka.

Ndiponso kuli anthu a khungu lathu. Pakati pa amuna oima pabwalo la Lexington panali Prince Estabrook, kapolo, amene anavulazidwa pomenyera ufulu umene iye mwini analibe. M'mwezi wa November 1775, Lord Dunmore, bwanamkubwa wa Virginia, analengeza kuti kapolo aliyense wa anthu oukira amene adzathawira kwa mfumu nanyamula mfuti adzamasulidwa. Mazana anathawa, ndipo ambiri a iwo anatha ndi nthomba m'chaka chotsatira. Mmodzi wa othawawo ndiye Harry Washington, kapolo wa George Washington mwini. Nkhondo itatha m'chaka cha 1783, Angerezi anachotsa anthu akuda ngati 3,000 ku New York, ambiri kunka nawo ku Nova Scotia, dziko lachisanu, kumene minda yolonjezedwa inachedwa kapena sinaperekedwe konse. Ndipo m'chaka cha 1792 ngati 1,200 a iwo anawoloka nyanja kudza ku Sierra Leone, namanga mudzi wa Freetown, Harry Washington ali pakati pawo. Kwa anthu amenewa funso la nkhondo linali lina ndithu: mwa ofiira ndi abuluu, ndani adzandichotsa goli? Gome ligawa anthu pawiri, a mfumu ndi a ufulu, ndipo funso lachitatuli lilibe malo pamenepo.

Ndidziwa chimene adzandiyankha. Adzati, Nanga inu simusewera bawo? Kodi m'bawo simudya nkhomo za mnzanu ndi kumgonjetsa? Inde, tisewera, ndipo palibe choipa. Koma njere za bawo zilibe maina, sizivala malaya a munthu amene anakhalako, ndipo palibe wosewera bawo anena kuti waphunzirapo mbiri ya Angoni. Iwo a pa gome anasankha okha kutchula tsiku, mudzi ndi dzina. Afunsana mwachangu za mtundu wa nsalu ya pakhosi pa malaya a gulu lakuti, nawerenga mabuku kuti asalakwe pa chipewa kapena pa lamba. Munthu wosamala choonadi kufikira pa batani la malaya sangathe kuthawira ku mau akuti ndi masewero chabe pamene tamfunsa za mwini malayawo. Adzatinso, Ambiri a ife tinayamba kuwerenga mbiri chifukwa cha masewerowa. Izi nzoona, ndipo ndikondwera nazo; koma pamenepo mphunzitsi ndi buku, gome ndi mnyamata chabe woperekeza pakhomo la sukulu. Woperekeza asadzitche mphunzitsi.

Kuopsa kwake kuli apa. Nkhondo ziyambidwa ndi anthu oziona monga wosewera aziona, kuchokera pamwamba, pa mapu, pamene gulu la amuna mazana lili kachitsulo kamodzi kosuntha ndi chala. Thomas Gage, kazembe amene anatuma Smith, anayesa kuti ndi ulendo wa usiku umodzi; nkhondo imene inayamba m'mawa mwake inatha patapita zaka 8. Mtima uliwonse wozolowera kuona nkhondo ili yoyera, yoyezeka ndi ndodo, yobwezeka m'bokosi, usanduka wosavuta kuunyenga tsiku limene ng'oma yeniyeni idzalira. Akuluakulu anati nkhondo simanga mudzi. Pa gome mudzi umangidwanso sabata iliyonse, ndipo mwana woonerera pambali aphunzira chimenecho asanaphunzire china.

Chifukwa chake sindipempha kuti asilikali a mtovu atayidwe kudzala. Ndipempha zinthu zitatu, zosavuta kwa anthu akhama otere. Choyamba, wosewera nkhondo ya tsiku lodziwika ayambe wawerenga mokweza maina a anthu amene anafa tsikulo, a mbali zonse ziwiri, monga apezeka m'mabuku. Chachiwiri, wolasidwa asachotsedwe pa gome, koma agonekedwe pomwe wagwa kufikira masewero atatha, kuti wopambana aone ndi maso mtengo wa kupambana kwake. Chachitatu, mwana akafunsa kuti ofiira ndani ndi abuluu ndani, auzidwenso za Prince Estabrook ndi Harry Washington, za nthomba ndi za chombo cha Jersey. Wina akati zimenezi zichotsa kukoma kwa masewero, wavomereza yekha mlandu wanga, kuti kukomako kunadalira kuiwala. Wakutsina khutu ndi mnansi. Ndipo inu owerenga, mukaona nkhondo itakongoletsedwa, kaya pa gome, kaya pa kanema, kaya m'kamwa mwa munthu wofuna mavoti, funsani msanga kuti akufa aikidwa kuti, ndipo akazi awo adya chiyani.