Foni si chilombo, koma ndalama zogwirika zisathe

Chiyambire Airtel Money m'dziko muno mu 2012, TNM Mpamba n'kutsatira mu 2013, ndalama zathu zakhala zikusamuka pang'onopang'ono kuchoka m'thumba kulowa m'foni. Lero munthu amalipira madzi, mayunitsi a magetsi, fizi ya mwana ngakhalenso chipepeso cha pamaliro osagwira pepala lililonse, ndipo mipingo yambiri ya m'tauni imalengeza nambala yotumizirapo chopereka ndi chakhumi. Banki yaikulu ya Reserve nayo ikulimbikitsa amalonda kuti azilandira malipiro kudzera m'njira zamakonozi. Koma m'mipingo momwemo muli Akhristu amene mtima sukuwakhala m'malo. Akawerenga Chivumbulutso 13, pamene pakunenedwa za nthawi imene munthu sadzaloledwa kugula kapena kugulitsa ngati alibe chizindikiro cha chilombo, amafunsa ngati ulendo tauyambawu sukulowera komweko. Anthu ophunzira amangowaseka, ndipo kuwaseka n'kulakwa. Abalewa aphonya poloza foni kuti ndiyo chilombo, koma chimene akuchiopa, chomwe ndi mphamvu yotsekera munthu kunja kwa msika chifukwa cha chikhulupiriro chake, chilipodi. Dziko lino linachilawapo kale, ndipo n'chifukwa chake ndalama zogwirika siziyenera kuloledwa kutha.

Buku la Chivumbulutso linalembedwa chakumapeto kwa zaka zana loyamba, kulembera mipingo isanu ndi iwiri ya m'dera lomwe lero lili m'dziko la Turkey. M'mizinda ngati Efeso, Smurna ndi Pergamo munali akachisi olemekezeramo mfumu ya Roma ngati mulungu, ndipo mabungwe a amisiri ndi amalonda ankachita maphwando okhala ndi nsembe za mafano. Mkhristu wokana zimenezi ankaika malonda ake pachiswe. Patapita zaka, mu 250, mfumu Decius inalamula kuti aliyense apereke nsembe pamaso pa akuluakulu a boma ndi kulandira kalata ya umboni, ndipo ena mwa makalatawo anapezeka ku Egypt. Wowerenga mutu 13 modekha aona kuti chizindikirocho chikuyendera limodzi ndi kupembedza. Amene akuchilandira ndi munthu woti wasankha kugwadira mphamvu ina m'malo mwa Mulungu. Palibe angachilandire mwangozi pogula tomato. Yesu mwini anaonetsedwa ndalama yachitsulo yokhala ndi nkhope ya Kaisara, mfumu imene Aroma ankaipatsa ulemu waumulungu, koma sananene kuti woigwira wadetsedwa. Anangosiyanitsa zoyenera mfumu ndi zoyenera Mulungu. Ngati ndalama ya Kaisara sinachotsere munthu chipulumutso, nambala ya Mpamba singamuchotsere.

Mbiri ikuonetsanso kuti mantha oloza zipangizo akhala akuphonya mobwerezabwereza. Timizere ta pakatundu wa m'sitolo titayamba kugwira ntchito ku America mu 1974, alaliki ena analumbira kuti mwabisika 666. Atabwera makadi a kubanki nyimbo inali yomweyo, ndipo mu 2021 mphekesera zotere zinachititsa Amalawi ena kuthawa katemera wa Covid-19. Kuphonya kulikonse kuli ndi mtengo wake. Agogo amene auzidwa paguwa kuti ndalama za pafoni n'zausatana amakana njira yokhayo imene mdzukulu wawo wa ku Joni angawatumizire thandizo, ndipo achinyamata amene aona ulosi ukulephera katatu amasiya kumvera mbusa ngakhale pa nkhani zoona. Choipa kwambiri n'chakuti mpingo ukatha mawu polimbana ndi timizere ndi manambala, umakhala utasasa tsiku limene ngozi yeniyeni yafika.

Ngozi yeniyeniyo Amalawi achikulire safuna kuuzidwa ndi munthu. M'nthawi ya chipani chimodzi, khadi la Malawi Congress Party linali chiphaso cha moyo wa tsiku ndi tsiku. Ayufi ankaima pazipata za misika ndi pokwerera mabasi, ndipo wopanda khadi ankabwezedwa. A Mboni za Yehova anakana kugula khadilo chifukwa cha chikhulupiriro chawo. Mpingo wawo unaletsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 chizunzo chinakula mpaka ambiri anachotsedwa ntchito, nyumba zawo kutenthedwa, zikwi za anthu n'kuthawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia ndi ku Mozambique. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Munthu angatsutsane ndi chiphunzitso cha Mboni mmene angafunire, koma sangakane kuti apa anthu anamanidwa kugula ndi kugulitsa chifukwa chokana kusonyeza kugonjera kumene chikumbumtima chawo chinawaletsa. Zonsezi zinatheka popanda kompyuta ngakhale imodzi. Komabe ulamulirowo unali ndi malire amene sukanatha kuwadumpha. Ndalama yachitsulo sinkafunsa khadi. Mnansi wachifundo akanatha kugulira mnzake mchere, wogulitsa akanatha kupereka ufa kuseri kwa nyumba, ndipo ayufi sakanaima pakhomo lililonse m'dziko.

Malire amenewo ndiwo angafafanizike kashi akadzatha. Kuyambira mu 2018 nambala iliyonse ya foni m'dziko muno imalembetsedwa m'dzina la mwini wake, ndipo malipiro onse odutsa pafoni amasiya mbiri ya amene walipira, wolandira, nthawi ndi kuchuluka kwake. Ntchito imene kale inkafuna anyamata mazanamazana pazipata lero ingachitike ndi kalata imodzi yochokera ku ofesi. Izi zachitika kale kwina. Pa chisankho cha mu February 2016, boma la Uganda linatseka ntchito za ndalama za pafoni kwa masiku angapo. Mu June 2020 boma la Zimbabwe linaimitsa mbali yaikulu ya ntchito za makampani otere, kuphatikizapo EcoCash, ponena kuti akugwetsa ndalama ya dzikolo. Mu November chaka chomwecho banki yaikulu ya Nigeria inatenga chilolezo cha khoti n'kutseka maakaunti 20 okhudzana ndi zionetsero za EndSARS. Ngakhale Canada, dziko lotchuka ndi demokalase, mu February 2022 inagwiritsa ntchito lamulo la nthawi ya ngozi kutseka maakaunti a ena mwa ochita zionetsero ku Ottawa popanda kudzera kukhoti, ndipo mu 2024 khoti linagamula kuti boma linapyola malire. Maboma onsewa anali ndi zifukwa zawo, zina zomveka ndithu. Koma anthu anapulumukira kashi amene anali naye m'nyumba, ndipo kukanakhala kuti kashiyo kulibe, chigamulo cha ofesi chikanasanduka njala tsiku lomwelo.

Olimbikitsa ndalama za pafoni ali ndi mfundo zolimba, ndipo n'kupanda chilungamo kuzichepsa. Chiyambire M-Pesa ku Kenya mu 2007, anthu amene mabanki sankawawerengera apeza posungira ndi potumizira ndalama. Mlimi amene wagulitsa soya sayendanso ndi mpukutu m'sokosi kuopa achifwamba. Olandira Mtukula Pakhomo kudzera m'njira zamakono sataya tsiku lonse pamzere. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, pepala lathu lalikulu la K5,000 linachepa mphamvu, moti wogula feteleza wa munda wonse amanyamula mtolo. Kusindikiza ndalama kunja kumadyanso ndalama zakunja zimene tikuzisowa. Zonsezi n'zoona, ndipo Mkhristu alibe chifukwa chokanira chipangizo chimene chikuthandiza amasiye. Koma mfundo yakuti kuthetsa kashi kuthetsa katangale njofooka. Kuba kwa Cashgate mu 2013 kunayambira m'makina a boma a IFMIS, mmene anthu ankalembamo malipiro a katundu amene sanaperekedwe n'kufafaniza umboni wake. Wakuba wamkulu amakhala ndi loya, kampani ya dzina lokha ndi akaunti kunja. Amene moyo wake wonse umaonekera poyera kashi akatha ndi mayi wogulitsa mandasi.

Ena akuti mantha ngachabe chifukwa palibe amene wanena kuti athetsa kashi m'Malawi. Ku Sweden nakonso palibe lamulo limene linamuthetsa. Njira yolipirira pafoni ya Swish itayamba mu 2012, masitolo anayamba kukana ndalama zogwirika imodziimodzi, nthambi zambiri za mabanki zinasiya kuzisunga, ndipo ngakhale m'matchalitchi chopereka chinasamukira pafoni. Lero boma la dzikolo likulangiza mabanja kusunga kashi m'nyumba kuopa nkhondo kapena kuonongeka kwa makina, ndipo linakakamiza mabanki akuluakulu kupitiriza kupereka ntchito za kashi. Dziko loyandikana nalo la Norway linakhwimitsa lamulo mu October 2024 kuti masitolo azilandira ndalama zogwirika. Maiko olemera amene anafika patali panjirayi akubwerera pang'ono, ndiye ife tithamangirenji kumene anzathu akuchokako? Kumene boma linayesa kukankha anthu mokakamiza zinthu zinafika poipa. India itachotsa mwadzidzidzi mapepala a 500 ndi 1,000 rupee pa 8 November 2016, osauka anagona pamizere ya mabanki. Nigeria itasintha mapepala a naira, kumayambiriro kwa 2023 kashi anasowa mpaka anthu anaphwanya mabanki, ndipo zinatengera khoti lalikulu kulamula kuti mapepala akale apitirire kugwira ntchito.

Kwa Mkhristu, funso lina limene Malemba salola kulizemba ndi lakuti osauka ziwathera bwanji. Amalawi ambiri a kumudzi alibe magetsi, ndipo kutchajitsa foni kumafuna ndalama. Netiweki imathawa, ajenti amati floti yatha, ndipo kutapa kulikonse kumadulidwa kenakake, pamene K1,000 yopatsana pamanja imafika yathunthu. Nkhalamba yosadziwa kuwerenga imauza mdzukulu nambala yachinsinsi, ndipo akamberembere otumiza mauthenga abodza amadyerera anthu oterewa. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, komanso Freddy atasakaza chigawo cha kummwera mu March 2023, magetsi anazima ndipo m'madera ena mafoni anali chete. Panthawi yotere wokhala ndi kashi ndiye anagula ufa. Njira imodzi yokha yolipirira imakopanso otolera misonkho: Zimbabwe inaika msonkho wa 2 peresenti mu 2018, Uganda inaika wake chaka chomwecho, Ghana mu 2022. Walira mvula walira matope, ndipo matope a ulendo uno agwera kwambiri amene ali ndi zochepa. Tisaiwalenso kuti Yesu anaphunzitsa kuthandiza osowa mwamseri, ndipo anayamikira mkazi wamasiye amene anaponya timakobiri tiwiri. Wopempha wa pamsewu alibe nambala ya malonda, ndipo mpingo umene ungalandire chopereka pafoni pokha udzakhala wauza osauka ake kuti mbale siwafikanso.

Choncho ntchito ya mpingo ili ku Nyumba ya Malamulo kuposa m'maulaliki oopseza. Malamulo aakulu a 1994 amateteza ufulu wa chikumbumtima ndi chipembedzo m'gawo 33, chinsinsi cha munthu m'gawo 21, ndipo gawo 32 limaletsa kukakamiza munthu kulowa bungwe lililonse. Lamulo loteteza mbiri za anthu linakhazikitsidwa mu 2024. Chotsala n'kumanga ufuluwu ku nkhani ya ndalama momveka bwino. Wogulitsa chakudya, mankhwala ndi zofunika zina, komanso ofesi iliyonse ya boma, azikakamizidwa ndi lamulo kulandira kashi. Akaunti ya munthu isatsekedwe popanda chigamulo cha khoti, ndipo mwini wake azipatsidwa mwayi wodziteteza msanga. Pasakhale mphamvu yozimitsa ndalama za pafoni dziko lonse nthawi ya chisankho kapena zionetsero. Mbiri ya malipiro a munthu, imene imaulula mpingo umene amapereka, chipani chimene amathandiza ndi chipatala chimene amapita, isaperekedwe kwa aliyense popanda khoti. Ndalama zing'onozing'ono zotumizirana osauka zisadulidwe msonkho.

Malawi Council of Churches, Evangelical Association of Malawi, mabishopu a Katolika ndi Public Affairs Committee ali ndi mawu amene boma limawamva. Kalata ya mabishopu ya pa 8 March 1992 inasintha dziko chifukwa inatchula mavuto a anthu ndi maina awo enieni, m'mawu amene Msilamu ndi munthu wosapemphera akanatha kugwirizana nawo. Nkhani ya kashi ikufuna kulankhula kotereko. Mbusa amene auza nkhosa zake kuti foni ndi chilombo amaziopseza pachabe, n'kusiya malamulo akulembedwa popanda mawu a mpingo. Amene aziphunzitsa kusunga nambala yachinsinsi, n'kupita kukauza aphungu kuti ufulu wogula chakudya usadalire chilolezo cha boma kapena kampani, ndiye wamvetsa chenjezo la Chivumbulutso. Malamulowa alembedwe tsopano, kashi akadali m'manja mwa anthu ambiri, chifukwa boma lililonse limene lidzakhale ndi mphamvu yotseka misika yonse ndi kalata imodzi silidzavomera kuitula mosavuta.