Vinyo wa ku Borrowdale tisamuyezere m'thumba la mzungu

Anzathu oyenda njira ya Harare, pali mawu amene afala pakati pathu ndipo akutidyera mpamba. Akuti mitengo ya m'malesitilanti apamwamba a ku Borrowdale ndi Avondale ndi yoyenera ndithu, umboni wake ndi woti azungu a m'mabungwe ndi a ku maofesi a akazembe amalipira osakwinya nkhope. Ife tikukana. Munthu amene malipiro ake amagwera kubanki m'madola, nyumba akumulipirira bungwe, galimoto ndi mafuta za bungwe, sangakhale sikelo yoyezera mayi wa geni kapena dalaivala wa thiraki.

Za mtengo wa vinyo asatiphunzitse munthu, chifukwa amene amamunyamula ndi ife. Mabotolo ambiri a pa matebulo amenewo amachokera ku South Africa, kudzera pa Beitbridge, pamsana pa mathiraki athu omwewa. Tikudziwa mtengo wake pashelefu ku Musina kapena ku Johannesburg. Tikudziwa kuti ZIMRA imatengapo msonkho, thiransipoti imadyapo, wopikulitsa amaikapo phindu lake. Zonsezo tikaphatikiza sizifika pa mtengo wolembedwa pa menyu paja. Chotsalacho mukulipira jenereta yolira magetsi akazima, chitsime chokumba okha chifukwa madzi a khonsolo sadalirika, mlonda wa pageti, lendi ya madola, ndi kapinga wothiriridwa. Mwini malo sanalakwe, naye ali pa geni. Koma tinene zoona: chimene akugulitsa ndi mpando wokhala kutali ndi fumbi la Mbare, vinyoyo angoperekeza.

Mzunguyo mpando umenewo amaufuna, ndipo kwa iye n'kutheka mtengowo ndi wabwino poyerekeza ndi London. Nanga ife tikuyerekeza ndi kuti? Dola yathu sitiitola. Kuchokera pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kubanki amalemba mtengo wa dola pabolodi, koma ndani wa ife analowa n'kutuluka nawo madola okwanira ulendo? Timakagula kwa osintha ndalama a mumsewu, pamtengo wowawa. Dola imeneyo idutse pa Mwanza, pa Zobue, iwoloke Zambezi pa Tete, ifike Cuchamano ndi Nyamapanda, paliponse akuibenthula. Ikafika yamoyo pa Roadport kapena pa Mbare Musika, ntchito yake ndi kuoda katundu. Ndiye wina aitenge akagulire tambula imodzi ya vinyo kuti ajambulitse aponye pa Facebook? Tambula imeneyo ndi katoni ya katundu imene sinakwere basi.

Ku Mbare, ku Highfield, ku Mufakose, mbale ya sadza, imene ndi nsima yathu yomweyi, ndi nyama ndi ndiwo zamasamba timadya ndi dola imodzi kapena awiri. Pali mazondo, pali nthumbwana, ndipo mayi wophikayo akakuzolowerani amawonjezerako chipande osawerengera. Mukafuna kusangalala pang'ono katundu atakwera, kuli KwaMereki ku Warren Park, kumene mumagula nyama pa butchala n'kuootchetsa pomwepo, mukuiona ndi maso. Ngakhale mabwana a ku Borrowdale omwewo Loweruka amapezeka kumeneko, magalimoto awo ali ndandanda. Iwo akudziwa kumene kuli nyama yokoma, ife ndi amene tikufuna kukwera kombi kulowera kumene iwo akuchokera.

Ena amati nkhani ndi ukhondo. Apa tisanamizane, kolera ku Harare si nthano. Mu 2008 ndi 2009 inapha anthu oposa 4,000 m'dziko lonse, ndipo mu 2018 inayambira ku Glen View ndi Budiriro. Koma mankhwala ake si nsalu yoyera ya patebulo. Idyani chakudya chotentha chongophulidwa kumene, imwani madzi a m'botolo lotseka, saladi wosaphika musiyeni, sambani ndi sopo. Zimenezi sizifuna madola makumi atatu.

Enanso amati kasitomala wamkulu sungakumane naye pa benchi la pa Mbare. Kasitomala wake uti? Amene amatigula ife ali pa Mupedzanhamo, pa Gulf Complex, pa Mbare Musika pomwepo. Amayang'ana katundu ndi mtengo, sayang'ana kumene unadya dzulo. Ngati alipodi bwana wofuna kukambirana pa vinyo, ndiye kuti wakuitanani ndi iye, bilu ndi yake.

Chimene chimatipweteka kwambiri ndi dzina. Wobwera pandege kudzagwira ntchito zaka ziwiri amalandiridwa ngati mlendo wolemekezeka. Agogo athu anabwera wapansi kuchokera ku Nyasaland, anagwira m'mafamu, m'migodi ndi m'makhitchini a m'nyumba za kumpoto kwa mzinda zomwezo, n'kukhazikika ku Mabvuku, Tafara, Dzivarasekwa ndi Mufakose. Iwo ankatchedwa mabwidi, ndipo ana awo obadwira konkuno anayenda zaka ndi ziphaso zowalemba kuti ndi akunja, mpaka malamulo a dziko a 2013 anawatsegulira njira ya unzika. Ophika ambiri a m'nyumba za azungu anali a kwathu. Lero mdzukulu wa khukhi akalipire mpamba wa sabata yathunthu kuti adye chimene agogo ake ankaphika n'kumadyera kuseri? Ulemu wotere ndi wobwereka, ndipo pofika pa Nyamapanda umakhala utatha.

Amene mwatsimikiza mtima kupitabe, sitikugwirani mwendo, ndalama ndi zanu. Koma odani katundu kaye, patulani ya msonkho wa MRA pa Mwanza ndi ya basi, yotsalayo ndi imene mungaseweretse. Musanaitanitse kanthu funsani ngati mtengo uli m'madola kapena mu ZiG, ndalama imene inayamba mu Epulo 2024, ndipo funsani reti imene akugwiritsa ntchito. Onani pansi pa bilu ngati awonjezerapo ya woperekera zakudya musanapereke ina. Botolo asatsegule musanamve mtengo wake. Ndipo yendani ndi madola ang'onoang'ono osang'ambika, chifukwa vuto la tchenji ku Harare silisankha Mbare kapena Borrowdale.